Kabotolo Kanali Kodzaza

Galimoto imene ndimayendetsa si yanga. Mwini wake ndi achimwene anga, amene akhala ku Johannesburg zaka 9 tsopano akuika matailosi m'nyumba za anthu. Anaigula itagwira kale ntchito, imodzi mwa zija zochokera ku Japan, ndipo poisiya m'manja mwanga ananena mawu ochepa: "Iyi ndi miyendo ya amayi. Uziona oyilo ndi madzi, zina zonse uzindiuza." Amayi amakhala kumudzi kufupi ndi Nchalo, ine ndimagwira ntchito ku Blantyre, ndipo pakati pathu pali chitunda chimene aliyense woyenda msewu wa ku Chikwawa amachidziwa bwino. Abale a ku Zambia amene munakwerapo mapiri a ku Luangwa pochoka ku Chipata kupita ku Lusaka, motoka itadzaza, mukudziwa mtundu wa chitunda chimene ndikunena.

Lamulo la madzilo ndinalisunga mokhulupirika, monga mwa kudziwa kwanga. Loweruka lililonse m'mawa ndinkatsegula boneti, kusolola kachitsulo koyezera oyilo, kenako kuyang'ana kabotolo koyera kamene kali pambali pa rediyeta. Kabotoloko kali ndi mizere iwiri, wam'munsi wolembedwa LOW ndi wapamwamba wolembedwa FULL. Nthawi zonse madzi ankakhala atapitirira mzere wapamwambawo, pafupi ndi pakamwa penipeni. Ndinkatseka boneti mtima uli m'malo, mwinanso ndi kamatama pang'ono, poganiza kuti galimoto yathu ndi yosamwa madzi ngati za ena. Miyezi 4 inatha osathiramo ngakhale dontho.

M'miyezi imeneyo ndinaona zinthu zina zimene sindinazifunse kwa munthu. Pansi pa kabotolo, pamene pamathera kapayipi kake kotayira, panali zoyera zouma ngati mchere wotsalira m'mphika. M'mawa ndikaliza injini, kuseri kwa dashibodi kunkamveka madzi akulira ngati m'mimba mwa munthu wogona ndi njala. Ndiponso madzi a m'kabotolo sankasuntha. Ndikawaona m'mawa injini ili yozizira, ndikawaonanso madzulo nditayenda tsiku lonse, anali pamodzimodzi. Chomalizachi ndicho ndinkachiyesa umboni wakuti zonse zili bwino.

Mu Okutobala chaka chatha linafika tsiku limene tinalidikira miyezi 5. Amayi anali ndi ng'ala m'diso lakumanja, ndipo lakumanzere nalo linali litayamba kuchita chifunga, kotero kuti kusankha mpunga kapena kulowetsa ulusi m'singano zinali zitawakanika. Pakhadi lawo analemba kuti afike kuchipatala ku Blantyre Lachiwiri isanakwane 4 koloko masana, agone komweko, opaleshoni ichitike Lachitatu m'mawa. Namwino anali atatiuza mosabisa kuti wophonya tsiku lake amabwerera kumapeto kwa mzere. Ndinapita kumudzi Lolemba madzulo ndi cholinga chakuti tinyamuke mbandakucha, kusanatenthe. Koma munthu wamkulu sachoka pakhomo ngati mbalame. Panali kutsanzika kwa apongozi awo, kulangiza mdzukulu za mbuzi, pemphero la amayi a mumpingo, ndi kufunafuna chitenje china chimene anati ndicho choyenera kugonera kuchipatala. Tinanyamuka 11 koloko, dzuwa la kuchigwa litafika paja pamene madigiri amapitirira 40 ndipo phula limaoneka ngati likuyenda.

Tinadutsa pa Dyeratu, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kupitirira pa Thabwa, ndipo msewu unayamba kukhotakhota ukukwera. Kutsogolo kwathu kunali minibasi yodzaza imene inkakwawa, malo oipitirira panalibe, eyakoni ndinali nditaitsegula yonse chifukwa cha amayi. Kamuvi ka geji ya kutentha, kamene masiku onse kankagona pakatikati ngati kochita kujambula, ndinakaona katanyamuka. Ndinazima eyakoni. Kanaima pang'ono, kenako kanapitiriza ulendo wake wopita kofiira. Pamene ndinkapeza kamalo kopatukira m'mbali mwa msewu, fungo la chitsulo chotentha linali litalowa kale m'galimoto, ndipo nditazima injini ndinamva kutsogolo kukubwata.

"Tafika?" anafunsa amayi, amene sankaona bwino kunja.

"Ayi mayi, galimoto yangotentha pang'ono."

Ndinatsegula boneti. Kabotolo kanali kodzaza mpaka kusefukira, madzi akuchita thovu. Mtima unandiuza kuti vuto silingakhale madzi, popeza madzi ndi awa. Koma poti ndinali nditamvapo kuti galimoto ikatentha amatsegula rediyeta, ndinatenga kansanza n'kutambasula dzanja.

"Chemwali, siyani! Dzanja limenelo mukulifunabe?"

Anali bambo wachikulire, dalaivala wa lole yakale yodzaza matumba imene inaima chakumtunda pang'ono, pamthunzi. Nayenso ankapumitsa injini yake, koma iyeyo mwadala, monga ankachitira ulendo uliwonse pa chitunda chimenechi. Anayamba wapita pawindo kukapereka moni kwa amayi, atavula chipewa, kenako anabwera kwa ine n'kukwinya mkono wa malaya. Kuyambira pachigongono kufika pachikhatho khungu linali losalala ndi lotuwa. Anati chipsera chimenecho anachitenga ali mnyamata, akuyendetsa mathiraki pa msewu wa ku Tete, pakati pa Zobue ndi Moatize, tsiku limene anafulumira kutsegula rediyeta yotentha. Madzi otsekeredwa amatha kutentha kupitirira poyenera kuwira koma osawira. Ukangowatsegulira, amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kukuthovukira kumaso. Anati tidikire mpaka payipi yaikulu yapamwamba izizire moti n'kuigwira ndi dzanja, ndiponso ifewe.

Ndinayang'ana nthawi. Inali itangopitirira 12 koloko. Ndinawafotokozera za khadi la amayi, mawu akunjenjemera, ndipo ndinapempha kuti mwina tithire madzi ozizira pamwamba pa injini kuti izizire msanga. Anakana. Chitsulo chotentha chikathiridwa madzi ozizira mwadzidzidzi chimapindika kapena kung'aluka, ndipo hedi ya injini zamasiku ano ndi ya aluminiyamu, yosachedwa kupindika. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero, ndipo amayi m'galimoto anaseka, nati mwambiwo wagwera pa munthu woyenera, popeza ulendo wonsewu ndi wa maso.

Podikirapo anayamba kundifunsa, ndipo kafunsidwe kake ndi kamene kanandikhalira m'mutu kufikira lero. Sanagwire sipanala ngakhale imodzi. Anafuna kudziwa ngati galimoto inayamba yatenthapo kale, ndiponso potani. Anati galimoto imene imatentha ikaima pamzere m'tauni, koma n'kuzizira ikayamba kuthamanga, kawirikawiri vuto limakhala fani, chifukwa pothamanga mphepo imadzilowera yokha mu rediyeta. Imene imakhala bwino m'tauni koma n'kutentha pa chitunda kapena pa liwiro, ndiye kuti madzi achepa kapena rediyeta yatsekeka m'kati, moti ikulephera kutaya kutentha kochuluka. Imene imatentha mphindi zochepa chiilizireni, payipi ina ili moto ina ili zii, muyambe mwakayikira themositati kuti yakana kutseguka. Anafunsa ngati pamene galimoto imagona usiku pamakhala ponyowa, ndinati ayi. Anafunsa ngati ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha, ndinatinso ayi. Kenako anafunsa kuti madzi ndimawaona bwanji.

Ndinaloza kabotolo monyadira. "Sikanatsikepo, bambo. Miyezi 4."

"Kodzaza m'mawa, kodzazanso madzulo?"

"Eya."

"Nanga rediyeta yeniyeniyo munaitsegula liti?"

Ndinakhala chete.

"Ndiye kuti kabotolo kanuka kanafa kalekale," anatero. "Galimoto yamoyo imapuma, chemwali. Ikatentha imatulutsira madzi m'kabotolo, ikazizira imawakokanso. M'mawa muwapeze atsika, madzulo muwapeze akwera. Mukaona sakusuntha, musasangalale."

Zimene ananena mwachidulezo ndinadzaziwerenga bwino pambuyo pake, ndipo ndizilembe pano chifukwa ndikudziwa kuti ambiri timayang'ana kabotolo komweko. Mwa mphamvu yonse ya mafuta amene injini imawotcha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limasanduka kutentha koyenera kuchotsedwa ndi madzi. Pampu imazunguza madziwo m'tinjira ta m'kati mwa injini, amatenga kutentha, amapita ku rediyeta kumene amadutsa m'timachubu topyapyala tokupizidwa ndi mphepo, n'kubwereranso atazizirako. Pakati pa injini ndi rediyeta pali themositati, kachitseko kamene kamakhala kotseka injini ikakhala yozizira, ndipo m'galimoto zambiri za ku Japan kamayamba kutseguka pa madigiri 82 kapena pafupi pamenepo. Injini imagwira bwino ntchito madzi ake ali pafupi kwambiri ndi powira. M'mphepete mwa nyanja ya mchere madzi amawira pa madigiri 100, koma kumtunda amawira msanga: ku Blantyre pafupifupi pa 97, ku Lusaka pa 96, ku Harare pa 95, ku Johannesburg pa 94. Chimene chimawaletsa kuwira m'galimoto ndi chitsekerero cha rediyeta, chimene amakaniko amangoti kapu.

Chitsekererocho ndinkachiyesa chivundikiro wamba, ngati cha botolo la mafuta ophikira. Chili ndi sipulingi yolimba imene imapanikiza labala pakhosi pa rediyeta, ndipo nambala yolembedwa pamwamba pake, 0.9 kapena 1.1, ikunena mphamvu imene sipulingiyo imapirira isanagonje. Madzi opanikizidwa chotero sawira mpaka pafupifupi madigiri 120. Akatentha amafufuma, ndipo akapyola mphamvu ya sipulingi, owonjezerawo amadutsa m'kapayipi kupita m'kabotolo. Injini ikazima n'kuzizira, madzi amanyala, m'kati mumatsala mpata umene umakoka, ndipo kavalavu kena kakang'ono ka pakati pa chitsekerero kamatseguka kuti madzi a m'kabotolo abwerere. Kuti abwerere, labala wachiwiri, wa m'mphepete mwa chitsekerero, ayenera kukhala wogwira bwino, ndipo kapayipi kaja kasakhale kong'aluka. Pakangokhala pobowoka, rediyeta imakoka mpweya m'malo mwa madzi, monga mmene munthu amalepherera kumwa ndi kaphesi kong'ambika. Tsiku lililonse madzi amatuluka osabwerera, kabotolo kamadzaza n'kumataya pansi galimoto ikuyenda, ndipo mwini wake Loweruka amakapeza kodzaza.

Itakwana 1 koloko bambo aja anagwira payipi, anaifinya, anagwedeza mutu. Anaphimba chitsekerero ndi chisanza chokhuthala, anachipotoza pang'ono n'kuima, nkhope ataipatutsa, mpaka kampweya kotsala katatha, ndiyeno anachichotsa. Anandiitana kuti ndisuzumire. M'khosi mwa rediyeta munali mouma, timachubu tikuoneka mitu, tili ndi zoyera ndi dzimbiri. Anatenga chigubu cha pa lole yake, madzi ake ofunda ndi dzuwa, n'kuyamba kuthira pang'onopang'ono. Ndinkawerenga mumtima. Munalowa malita 3, m'galimoto imene madzi ake onse ndi pafupifupi malita 6. Tinakwera theka la chitunda cha Thabwa ndi theka la madzi.

"Tsopano tione ngati mwapha injini," anatero mosazungulira, ndipo m'mimba mwanga munazizira. Chimene aliyense amaopa galimoto ikatentha ndi gasiketi ya hedi, kachinthu kopyapyala kamene kamalekanitsa moto, madzi ndi oyilo pakati pa hedi ndi thunthu la injini. Ikapsa, zitatuzi zimayamba kulowerana, ndipo kukonza kwake kukanadya malipiro anga a miyezi iwiri. Anasolola kachitsulo ka oyilo: anali wakuda bwinobwino. Anatsegula pothirira oyilo n'kuyang'ana kunsi kwa chivundikiro chake, kufuna zoterera zotuwa ngati tiyi wamkaka: panalibe. Kenako anandiuza kuti ndilize injini rediyeta ili yotsegula, ndipo tonse awiri tinaweramira pakhosi paja. Thovu linayamba kutuluka, lalikulu, lotsatizana. Ndinamva miyendo kulefuka. Iye sanatekeseke, anati mpweya umene unalowa m'malo mwa madzi uyenera kutuluka, ndipo thovu loopsa ndi limene silitha, limene limachuluka ukaponda mafuta. Anapitiriza kuwonjezera madzi akamatsika. Patapita mphindi zingapo thovu linachepa, kenako linaleka. Ndinaponda mafuta, madzi anangogwedezeka osachita thovu.

Anayang'ananso zina, chimodzichimodzi, akunditchulira chimene akufuna. Madzi atatentha anayamba kuyenda m'khosi muja ndipo mapayipi onse awiri anafunda, kusonyeza kuti themositati yatseguka ndipo pampu ikukankha. Anabwezera chitsekerero, tinadikira, fani inalira yokha n'kuzimanso yokha. Anagwada kusuzumira pansi pa pampu, pamene pamakhala kabowo kamene kamadontha pampu ikayamba kutha: panali pouma. Anayendetsa chala m'mphepete mwa rediyeta, molumikizira pulasitiki ndi chitsulo, ndi pa zomangira mapayipi: mouma monse. M'galimoto, pansi pa mapazi a amayi, kapeti inali youma, kutanthauza kuti hita sikudontha. "Madzi malita atatu sasowa ngati mfiti," anatero. "Ngati sanadonthe pansi, sanalowe mu oyilo, sanapse mu injini, ndiye anatulukira pakhomo." Apa n'kuti atandionetsa kale chitsekerero chija m'dzanja lake. Labala wa m'mphepete anali wouma ndi wong'aluka pawiri, ndipo sipulingi inkagonja ndi chala chimodzi. Pamwamba pake panalibe nambala iliyonse.

"Ichi munachitenga kuti?"

Funso limeneli ndi limene ndinkaliopa osadziwa. Miyezi 4 m'mbuyomo payipi yapamwamba inaphulika ndili kumudzi, ndipo makaniko amene anaisintha anandiuza kuti ndigulenso chitsekerero chatsopano ndi kulanti. Achimwene anatumiza ndalama ya zonsezo tsiku lomwelo. Payipi ndinagula yabwino. Koma mwezi umenewo ndinali ndi ngongole ya lendi, ndipo pa benchi ina mumsika ndinapeza chitsekerero chonyezimira cha mtengo wosafika ndi wa nkhuku. M'malo mwa kulanti tinathira madzi a pa mjigo. Ndalama yotsala inapita kwa eni nyumba, ndipo kwa achimwene ndinalemba kuti zonse zatheka. Ndinawauza bambo aja zimenezi motsitsa mawu kuti amayi asamve. Sanandidzudzule. Anangoti chikomekome cha mkuyu, osamaliza mwambiwo, n'kutseka boneti.

Chitsekerero cha lole sichikanakwana pa galimoto yathu, choncho tinayenera kukwera ndi chomwecho. Anachepetsa madzi a m'kabotolo kufika pamzere, anadzaza botolo lathu la malita 5, ndipo anandipatsa malangizo: giya yotsika kuti injini izizungulira momasuka ndi kuti pampu izithamanga, eyakoni osaikhudza, mawindo onse pansi, hita pamoto wonse ndi fani yake yomwe. Hita ndi karediyeta kakang'ono ka m'kati mwa galimoto, ndipo ikatsegulidwa imathandiza kuchotsa kutentha kwa injini. Kamuvi kakangodutsa pakati, ndiime. Iye adzakhala kumbuyo kwathu. Ndinatulutsa kandalama kamene ndinali nako, anakankha dzanja langa, nati ndikagulire amayi nthochi kuchipatala.

Tinanyamuka itangokwana 2 koloko. Sindidzaiwala moto umene unkatuluka m'mabowo a dashibodi masana a Okutobala amenewo. Amayi anadzikupiza ndi khadi la kuchipatala, thukuta likutsika m'khosi, kenako anati, "Mwananga, moto tausiya kuchigwa uja wautengeranso m'galimoto?" Diso langa limodzi linali pamsewu, lina pa kamuvi. Kanakwera pang'ono pa makona otsiriza, kanagwedezeka, koma sikanadutse pakati. Pa Madziabango, msewu utayamba kugona ndi mphepo itasintha, lole ija inatipitirira ikuliza hutala kawiri. Dzina la bambo aja sindinalifunse, ndipo chimenechi chimandiwawa mpaka lero. Tinadutsa pa Mpemba, tinalowa mumzinda, ndipo amayi analembedwa m'kaundula wa wodi nthawi ili 3:35.

M'mawa mwake, amayi atalowa kochitira opaleshoni, mng'ono wawo atatsala pakhonde kuwadikira, ndinapita ndi galimoto ku galaja ina ku Ndirande. Kukhala pabenchi ya chipatala manja ali lende kukanandipenga. Makaniko wa kumeneko anamanga kapampu kokhala ndi geji pakhosi pa rediyeta, anapopa, ndipo tinayang'ana ngati muvi utsike: sunatsike, kutanthauza kuti palibe podontha. Anayesa chitsekerero chija pa kapampu komweko, sichinagwire mphamvu n'pang'ono pomwe. Kenako anaika pakhosi paja kachubu ka mankhwala abuluu, amene amasanduka achikasu ngati utsi wa mu injini ukulowa m'madzi. Analiza injini. Ndinayang'ana kachubuko foni ili m'manja, kudikira mayankho awiri nthawi imodzi. Mankhwala anakhalabe abuluu. Patangopita kanthawi foni inalira, amayi aang'ono akuti atuluka, diso laphimbidwa, akufunsa phala.

Potsuka rediyeta munatuluka madzi ofiirira ngati a Shire m'nyengo ya mvula. Madzi a m'mijigo yambiri ya kwathu kuchigwa ndi amchere, ndipo akamaphikidwa mu injini tsiku ndi tsiku amasiya miyala m'timachubu ndi kudya chitsulo. Ndinkaganiza, monga amaganizira ambiri kuno, kuti kulanti ndi wa kumaiko ozizira, popeza pa zigubu zina amalemba za kuletsa madzi kuundana. Ntchito yake kwa ife ndi ina: amateteza ku dzimbiri, amasunga pampu, ndipo akasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi oyera amakwezako powira ndi madigiri angapo. Makanikoyo anandichenjeza kuti wambiri amapangidwa ndi ethylene glycol, amene amatsekemera koma ndi poizoni, choncho wotsala asasiyidwe m'botolo la zakumwa pamene pali ana, ndipo wakale asatayidwe pomwe agalu ndi nkhuku zimamwa. Mnyamata wina wa pa galajapo anati tingochotsa themositati, kuti galimoto za kotentha siziifuna. Mkulu wake anamuletsa. Themositati yabwino sitenthetsa galimoto. Ukaichotsa, injini imachedwa kufika pa kutentha kwake, imamwa mafuta ambiri, imatha msanga, ndipo chimene chinayambitsa vuto chimakhala chikadalipo. Tinaika chitsekerero cholembedwa 1.1, monga linanenera buku la galimotoyo.

Usiku umenewo ndinaimbira achimwene. Ndinayamba ndi nkhani ya diso, anasangalala, kenako ndinawauza zonse, kuyambira pa benchi ya mumsika mpaka pa lendi. Anakhala chete nthawi yaitali, moti ndinayesa foni yaduka. Atayankhula, sanatchule za ndalama. Anati, "Ukanandiuza za lendiyo. Unayesa ndikanakana?" Ndinalibe choyankha. Anati iwonso galimoto ya abwana awo, Volkswagen Polo, ilibe chitsekerero pa rediyeta. Chili pa kathanki komweko, ndipo kathankiko ndi kopanikizidwa, moti ukakatsegula kotentha kamawotcha ngati rediyeta. Anafuna kuti ndidziwe kusiyana kwake ndisanakaphunzitse ena zolakwika. Ndiye ndikupatsirani chenjezo lawolo, inu a ku Joni ndi kwina kumene galimoto za ku Ulaya n'zambiri: pa zoterozo mzere wa pa kathanki ndiwo muyezo weniweni. Pa zathu zambiri za ku Japan, zokhala ndi chitsekerero chachitsulo pa rediyeta, kabotolo ndi mlendo wongolandira zotsala. Ndiponso galimoto zina zatsopanoko zilibe kamuvi, zili ndi kanyali kabuluu ndi kofiira. Kofiirako kakayaka, nthawi yoganiza imakhala itatha kale, imani.

Masiku ano Loweruka m'mawa, injini isanalire, ndimatsegula rediyeta yeniyeniyo kuona ngati madzi afika pakhosi, ndimatembenuza chitsekerero kuyang'ana labala wake, ndiyeno ndimayang'ana kabotolo. Ndinajambulapo kamzere ndi cholembera pamene madzi amakhala kukazizira. Ndikafika kumene ndikupita ndimatsegulanso boneti, osagwira kanthu, kungoona ngati akwera.

Amayi ndinawabweza kumudzi patatha sabata, titatsika chitunda chija m'mawa kusanatenthe. Tsiku lotsatira ndinadzuka molawirira kuti ndibwerere ku ntchito, ndipo ndili chiweramire pa boneti ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Anaima pambali panga atafunda chitenje, diso latsopano likuphethira ndi kuwala kwa m'mawa. Dzulo lake titafika anali ataumirira kuti ndiwaonetse kabotolo kamene kanatichedwetsa, ndipo anakayang'anitsitsa nthawi yaitali. Tsopano anaweramanso, anaika chala pa pulasitiki.

"Dzulo anali apa," anatero. "Atsika."

"Atsika, mayi."

"Ndiye n'zabwino kapena n'zoipa?"

"N'zabwino."

Anagwedeza mutu, kenako anandiyang'ana kumaso, nthawi yoyamba m'zaka ziwiri kundiona bwinobwino, nati ndaonda, ndidikire aphike phala ndisananyamuke.